Mmene mungazimitsire nyale yochenjeza za mpweya wa m'matayala

Pa dashibodi ya galimoto zambiri za masiku ano pamakhala kanyale kachikasu kooneka ngati kamphika kotsegula kukamwa, kokhala ndi kamzere koimirira ndi kadontho pakati pake. Chithunzicho ndi cha tayala lodulidwa pakati, ndipo timizere ta kunsi kwake ndi mbali ya tayala imene imaponda msewu. Galimoto zina zimangolemba zilembo zakuti TPMS, chidule cha dzina lachingerezi la chipangizo choyang'anira mpweya wa m'matayala. Mukatembenuza kiyi, kanyaleka kamayaka limodzi ndi tinzake n'kuzima pakapita masekondi ochepa, ndipo palibe vuto pamenepo. Nkhani imayamba kakakana kuzima, kapena kakayaka muli pa ulendo.

Ambiri akakaona amathamangira kufunsa kuti batani lozimitsira lili pati. Pa galimoto zina lilipodi, ndipo tifikapo. Koma batanilo ndi lomaliza kulikhudza. Ntchito yake sikuzimitsa nyale chabe ayi: limauza kompyuta ya galimoto kuti mpweya umene uli m'matayala panthawi imeneyo ndiwo woyenera, iwusunge. Mukalidina tayala lili lophwa, mwaphunzitsa galimoto zabodza. Nyale izima ndithu, inu mtima n'kukhala m'malo, koma tayala likadali lophwa ndipo tsopano palibenso chokuchenjezani.

Yambani mwaona mmene nyaleyo ikuyakira

Zimitsani galimoto, muilizenso, maso ali pa kanyaleko. Ngati kayaka n'kungokhala chiyakire, tayala limodzi kapena angapo achepa mpweya. Koma ngati kayamba ndi kuthwanima kwa mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka kenako n'kukhazikika, vuto lili m'zipangizo zoyezera mpweyazo: sensa yafa, kapena kompyuta sikuimva. Vuto lachiwirili silitha ndi kupopa, ndipo tilikamba kumapeto. Ngakhale zili choncho, matayala muwayezebe, chifukwa panthawi imeneyo galimoto siikutha kukuyezerani.

Nyale ikayaka mukuyenda, musaponde mabuleki mwamphamvu. Gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, mupeze malo abwino oima kutali ndi galimoto zodutsa. Ngati chiwongolero chikukokera mbali imodzi kapena mukumva kugunda kwachilendo pansi, tayala likuphwa msanga. Limeneli musaliyendetse kufunafuna pampu. Ikani la sipeya.

Pezani nambala yoyenera

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pa mphuthu yake, pamene chitseko chimatsekera. Pamakhala kapepala komatidwa kolembedwa kukula kwa matayala ndi mpweya wofunika kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto zina kapepalako kamakhala kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta, ndipo nambala zomwezo zilinso m'buku la galimoto. Kawirikawiri pamakhala mizere iwiri, wina wa galimoto yonyamula anthu awiri kapena atatu, wina wa galimoto yodzaza anthu ndi katundu. Sankhani wogwirizana ndi mmene mumayendera.

Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, pafupi ndi mawu akuti MAX PRESS, si imene tikufuna. Imeneyo ndi malire amene opanga tayala anaika kuti musapyole. Tayala limodzimodzilo limalowa pa galimoto zolemera mosiyana, choncho amene akudziwa mpweya woyenera galimoto yanu ndi amene anapanga galimotoyo. Pamalo ambiri opopera amangoika nambala imodzi imene anaizolowera pa galimoto iliyonse. Atchulireni yanu, ndipo ngati n'kotheka aonetseni kapepalako.

Miyezo ilipo itatu ndipo imasokoneza anthu: psi, bar ndi kPa. Bar imodzi ndi 100 kPa, kapena pafupifupi 14.5 psi. Ndiye 220 kPa, 2.2 bar ndi 32 psi ndi mpweya umodzimodzi, monganso 240 kPa, 2.4 bar ndi 35 psi. Musanayambe, onetsetsani kuti geji yanu, kachipangizo koyezera mpweya wa m'tayala, ikuwerenga muyezo womwe uli pa kapepala.

Yezani matayala ali ozizira

Apa m'pamene pagona ntchito yonse, choncho musachite mothamanga. Nambala za pa kapepala zija ndi za tayala lozizira, kutanthauza galimoto imene yaima maola atatu kapena kuposerapo, kapena yangoyenda mtunda wosafika makilomita awiri. M'mawa musananyamuke ndiyo nthawi yabwino. Tayala likayenda limatentha, mpweya wa mkati umafufuma, ndipo geji imatha kuonetsa 0.2 kapena 0.3 bar kuposa mmene zilili likazizira. Munthu amene wafika popopera atayenda ola lathunthu, n'kupeza nambala yakwera, n'kuphwetsako kuti ifanane ndi ya pa kapepala, mawa lake adzadzuka matayala ali ochepa mpweya, nyale ili ngwee. Tayala lotentha musaliphwetse. Ngati simungachitire mwina koma kupopa lili lotentha, pyolani nambala ya pa kapepala ndi 0.2 kapena 0.3 bar, mudzayezenso likazizira.

Masulani kachivindikiro ka pa valavu mukaike m'thumba, chifukwa kakagwa pansi kamasowa. Kanikizani kamwa ya geji pa valavu molunjika ndi mwamphamvu. Mumva kaphokoso ka mpweya kamodzi, psii, kenako zii. Ngati phokosolo likupitirira, geji yakhala mopendekeka ndipo nambala imene ikuonetsa ndi yolakwika, ichotseni muikenso. Lembani nambala ya tayala lililonse musanapope. Ambiri amadumpha zimenezi, koma nambala zinayizo ndi zimene zikuuzeni chimene chachitika. Ngati onse anayi atsika mofanana, ndi nthawi chabe kapena kuzizira kwa nyengo. Tayala labwinobwino limataya pafupifupi 1 psi kapena 2 pa mwezi, ndipo kutentha kwa kunja kukatsika ndi madigiri 10 mpweya umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar. Koma ngati atatu ali pa 31 kapena 32 psi, limodzi lili pa 22, limenelo likutaya penapake.

Maso asakunamizeni. Pa matayala a masiku ano, lochepa mpweya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi limaoneka ngati lili bwino. Kulimenya ndi phazi sikukuuzani kanthu. Geji yanuyanu, ngakhale yaing'ono yokhala ngati cholembera, ndi yodalirika kuposa ya pa payipi yopopera imene imagwetsedwa pansi tsiku lonse.

Popani pang'onopang'ono, mukuyeza pakatikati. Mukapyola, dinani kamtima ka pakati pa valavu kwa kanthawi kochepa, muyezenso. Mukatha bwezerani tizivindikiro, popeza timateteza kamtimako ku fumbi ndi madzi.

La sipeya nalonso liyezeni. Galimoto zina, makamaka zikuluzikulu zokhala ndi sipeya yofanana ndi matayala enawo, zili ndi sensa m'tayala limeneli. Munthu amapopa anayi onse bwinobwino, nyale osazima, pamene wolakwa ali phee kumbuyo kapena kunsi kwa galimoto. Sipeya yopyapyala ija imafuna mpweya wambiri, kawirikawiri 60 psi kapena 4.2 bar, ndipo siyenera kuthamangitsidwa kupyola makilomita 80 pa ola.

Ngati limodzi ndilo latsika

Lisakeni bowolo. Sungunulani sopo m'madzi, muthire pa valavu, m'mphepete momwe tayala limakumana ndi rimu, ndi ponse pamene limaponda msewu, mukusuntha galimoto pang'ono kuti mbali ya pansi ibwere poonekera. Potuluka mpweya pamachita timathovu tomakulirakulira. Nthawi zambiri mupeza mutu wa msomali kapena sikuluwu wotha ndi msewu, ukunyezimira pakati pa mizere ya tayala. Musauzule. Pakadali pano ndiwo ukutseka bowolo. Popani, mupite kwa omata matayala akauzule okha. Bowo la pamene tayala limaponda msewu limamatika. Koma tayala long'ambika kapena lotupa m'mbali silimatidwa, chifukwa ulusi wa mkati waduka kale. Limenelo n'losintha basi.

Kuzimitsa nyale musanamate bowo n'kutaya nthawi. Iyakanso mawa kapena mkuja.

Wina angafunse kuti kuchepa kwa mpweya pang'ono kuli ndi vuto lanji, popeza galimoto ikuyendabe. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikako kumabala kutentha. Pa liwiro lalikulu, galimoto italemedwa, dzuwa likuswa mtengo, kutenthako kumalekanitsa labala ndi mawaya a mkati mpaka tayala kuphulika. Nyale imeneyi inakhala lamulo chifukwa cha ngozi zotere. Ku United States, ngozi zambiri za galimoto za Ford Explorer zokhala ndi matayala a Firestone zitapha anthu, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act m'chaka cha 2000, ndipo kuyambira mu September 2007 galimoto zing'onozing'ono zatsopano zonse kumeneko zimayenera kukhala ndi chipangizochi. Maiko a European Union anatsatira, ndipo kuyambira mu November 2014 galimoto zing'onozing'ono zatsopano zonse zonyamula anthu zimakhala nacho. Lamulo la ku United States limati nyale iyake mpweya ukatsika ndi 25 peresenti. Werengerani nokha: ngati kapepala kakuti 32 psi, nyale ikhoza kudikira mpaka 24 psi. Ndiye ikamayaka, tayala latsika kale kwambiri, ndipo mwina lakhala likudya mafuta ndi kutha m'mphepete kwa masabata angapo.

Dziwani mtundu wa chipangizo chimene muli nacho

Mitundu ilipo iwiri, ndipo kazimitsidwe kake n'kosiyana.

Woyamba uli ndi sensa mkati mwa tayala lililonse, kawirikawiri yolumikizidwa kutsinde kwa valavu. Sensayo ili ndi kabatire kake, imayeza mpweya weniweni n'kutumiza uthenga ku kompyuta kudzera m'mafunde a wailesi. Ngati dashibodi yanu imaonetsa nambala ya tayala lililonse, muli ndi mtundu umenewu. Valavu yachitsulo yomangidwa ndi nati nayonso ndi chizindikiro chake, ngakhale masensa ena amabwera ndi valavu yalabala.

Wachiwiri ulibe chilichonse m'tayala. Umadalira masensa amene amawerenga liwiro la gudumu lililonse, a mabuleki a ABS, aja oletsa magudumu kuumiratu mukaponda buleki mwamphamvu. Tayala likachepa mpweya limafupika pang'ono, choncho limazungulira kambiri kuposa anzake pa mtunda womwewo, ndipo kompyuta imazindikira kusiyanako. Mtundu umenewu sudziwa kuti 32 psi n'chiyani. Umangodziwa mmene magudumu ankazungulira tsiku limene munauuza kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake umafuna kuuzidwanso nthawi iliyonse mukapopa, mukasinthanitsa matayala kapena mukagula atsopano, ndipo ndi umenewu umene umanamizika mosavuta ndi munthu wothamangira batani.

Tsopano zimitsani nyaleyo

Pa galimoto zambiri za mtundu woyamba palibe choti mudine. Mukapopa, ingoyendetsani. Masensa amagona galimoto ikaima pofuna kusunga batire, ndipo amadzuka magudumu akayamba kuzungulira. Yendani kwa mphindi 10 mpaka 20 pa liwiro lopyola makilomita 30 kapena 40 pa ola, nyale izima yokha. Ena amataya mtima atangoiona ikuyakabe potuluka popopera, pamene imangofuna kamtunda pang'ono.

Ngati galimoto yanu ili ndi batani, lili ndi chithunzi chomwe chija, nthawi zambiri ndi mawu akuti SET pansi pake. Lifuneni kunsi kwa chiwongolero kufupi ndi mawondo, m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, kapena pafupi ndi giya. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, giya ikhale pa P ngati ndi ya otomatiki. Tembenuzani kiyi kufika pa ON, pamene nyale zonse za pa dashibodi zimayaka. Pa galimoto yolizira batani, dinani batani lolizira kamodzi kapena kawiri, malinga ndi galimoto, osaponda buleki. Kenako dinani batani la SET osalisiya.

Chimene muone chimatengera mtundu wa galimoto. Pa Toyota zambiri, nyale imathwanima pang'onopang'ono katatu. Ikatero siyani batani, mudikire mphindi zingapo musanazimitse, ndipo zina zimamaliza ntchitoyo mukuyenda. Pa Honda zokhala ndi batani imathwanima kawiri. Pa Volkswagen mumamva kabelu kamodzi.

Galimoto zambiri zatsopano zinachotsa batanilo n'kuika zonse pa sikirini. Gwiritsani ntchito mabatani a pa chiwongolero kapena sikirini ya pakati, mulowe mu Settings kapena Vehicle. Pa Honda fufuzani TPMS Calibration musankhe Calibrate. Pa Volkswagen lowani mu CAR, kenako Setup, Tyres, SET, n'kutsimikiza. Pa BMW zili pansi pa Vehicle status, pamene pali Perform reset. Injini ikhale ikulira galimoto itaima, ndipo mukadina muyambe kuyenda. Ngati sikirini ikukana kukutsegulirani, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti galimoto ikuyenda kapena giya sili pa P.

Nyale ikazima, kompyuta imakhala isanamalize kuphunzira. Mabuku a Honda amati pamafunika kuyenda mphindi pafupifupi 30 zonse pamodzi, pa liwiro la pakati pa makilomita pafupifupi 50 ndi 100 pa ola. Sikuti muyende ulendo umodzi ayi, kompyuta imaphatikiza maulendo angapo. Msewu wosalala ndi wowongoka umathandiza kuti iphunzire msanga kusiyana ndi wamabampu kapena woterera.

Pali nkhani inanso pa galimoto zokhala ndi masensa m'matayala. Sensa iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo kompyuta imasunga kuti nambala yakuti ili pa gudumu lakuti. Mukasinthanitsa matayala, akutsogolo kupita kumbuyo, galimoto zina zimazindikira zokha mukayenda, zina ayi. Zimene sizizindikira zimakuuzani kuti lakutsogolo kumanja laphwa pamene lophwa lili kumbuyo. Pa Chevrolet ndi zina za General Motors pali njira yake yoziphunzitsiranso: mumasankha pa menyu, hutala imalira kawiri, kenako mumazungulira galimoto ndi kachipangizo kodzutsira masensa, kuyambira lakutsogolo kumanzere, lakutsogolo kumanja, lakumbuyo kumanja, kumalizira lakumbuyo kumanzere, hutala ikulira kamodzi pa tayala lililonse. Popanda kachipangizoko, ntchitoyi ndi ya kugalaja. Buku la galimoto yanu ndilo likuuzeni njira yeniyeni, chifukwa ngakhale kampani imodzi imasintha njira malinga ndi chaka chimene galimoto inapangidwa.

Ikakana kuzima, kapena ikabwerera

Nyale imene imayaka m'mawa n'kuzima mukayenda makilomita angapo ikukuuzani kuti mpweya uli pamalire. Usiku kukazizira umatsika pang'ono kupyola malirewo, matayala akatenthera umakweranso. Musaizolowere. Yezani m'mawa womwewo muwonjezere.

Ikabwerera pakapita masiku awiri kapena atatu, pali pamene pakutuluka mpweya pang'onopang'ono pamene simunapaone. Kawirikawiri ndi kamtima ka valavu komasuka, labala ya pa tsinde la valavu yotha, kapena rimu yopindika pang'ono kapena yadzimbiri. Omata matayala akaliviika lonse m'madzi amapapeza.

Ikathwanima kaye kenako n'kukhazikika, monga tanena poyamba, ganizani za masensa. Kabatire ka sensa kamatha pakati pa zaka 5 ndi 10, ndipo n'komatiridwa mkati moti sikasinthika pakokha. Mumasintha sensa yonse. Imodzi ikafa chifukwa cha ukalamba, zinzake zili m'njira, choncho ndi nzeru kuzisintha pamodzi panthawi yogula matayala atsopano, kuti musalipire kawiri ntchito yovula ndi kuvalika. Nyale imachitanso chimodzimodzi mukaika sipeya yopanda sensa, kapena mukagula marimu ena masensa n'kutsalira pa akale. Mankhwala othira m'tayala otseka bowo amathanso kutseka kabowo ka sensa. Ngati munawagwiritsa ntchito, auzeni okonzawo aitsuke. Kanthu kena kakang'ono koma kowononga ndi tizivindikiro tachitsulo tokongoletsa. Pa valavu ya aluminiyamu timachita dzimbiri n'kumamatira, ndipo pofuna kumasula ndi pulayala valavu imathyoka, sensa yonse n'kutayika. Tapulasitiki wamba ndi tabwino.

Pali malangizo awiri ofala amene ine sindigwirizana nawo. Ena amati chotsani waya wa batire la galimoto kwa mphindi zingapo. Zimenezi sizibwezera mpweya m'tayala ndipo siziukitsa sensa yakufa. Chimene mungapindule ndi kutaya wotchi ndi masiteshoni a wailesi, mwinanso wailesiyo n'kuyamba kufuna nambala yachinsinsi. Ena amati popani mopyola, muphwetse matayala onse mpaka pansi, mupopenso. Kukhazika galimoto pa matayala opanda mpweya kumafinya mbali zake pansi pa rimu popanda chifukwa. Ndipo amene amamata tepi yakuda pa kanyaleko kapena kupempha makaniko kuti akaphe, aganizire anthu amene amawanyamula, chifukwa tsiku limene msomali udzalowe ali pa liwiro sipadzakhala chowauza.

Mukapita kukasinthitsa sensa, funani malo amene ali ndi makina owerengera masensa. Amayandikiza makinawo pa valavu iliyonse, n'kuona pomwepo imene sikuyankha, osavula tayala. Sensa yatsopano iyenera kugwirizana ndi galimoto yanu, chifukwa ena amatumiza uthenga pa mafunde a wailesi a 315 MHz, ena pa 433 MHz, malinga ndi dziko limene galimotoyo inapangidwira kuti ikagulitsidwe. Tengani nambala ya chasisi pokagula. Asanayambe kuvula tayala, muuzeni wogwira ntchitoyo kuti muli sensa mkati, kuti chitsulo chokanikizira tayala asachiike pafupi ndi valavu. Masensa ambiri abwinobwino amaphwanyika pamenepa. Akamanga, nambala ya sensa yatsopanoyo ilembetsedwe mu kompyuta ya galimoto, pa galimoto zambiri kudzera pa soketi ya OBD imene ili kunsi kwa chiwongolero. Musanalipire, yendetsani galimotoyo mphindi 10 kapena 15, muizimitse, muilizenso, muone ngati kanyaleko kazima limodzi ndi tinzake.